Njinga zamoto zonyamula magazi: ntchito ya anthu odzipereka ku Britain ndi zimene wadi ingaphunzirepo

Mayi akayamba kutaya magazi ambiri atangobereka, achipatala amakhala ndi nthawi yochepa kwambiri yopulumutsira moyo wake. Akatswiri a zaumoyo amati mayi wotere akhoza kumwalira m'maola awiri okha ngati salandira thandizo loyenera. Kawirikawiri magazi oti amuthire amakhala alipo ndithu, koma ali m'furiji ya chipatala china, mtunda wautali kuchokera pamene wagona wodwalayo. Zimakhalanso chimodzimodzi ndi mankhwala osowa, kapena magazi amene atengedwa m'thupi la wodwala kuti akayezedwe ku labotale yakutali. Chimene chimasowa pa nthawi yotere ndi munthu wodalirika woti anyamule katunduyo n'kukamufikitsa msanga, asanawonongeke.

Ku Britain kuli magulu a anthu oyendetsa njinga zamoto amene adadzipereka kugwira ntchito imeneyi popanda malipiro. Kumeneko amadziwika ndi dzina lakuti Blood Bikes, kutanthauza njinga zonyamula magazi. Ambiri mwa iwo masana amagwira ntchito zawo zina, ena ndi opuma pa ntchito, koma usiku, Loweruka, Lamulungu ndi masiku atchuthi amakhala tcheru kudikira foni yochokera kuchipatala. Nkhani yawo ndi yofunika kwa anthu okhala m'mawadi a boma lino chifukwa njinga zamoto zachuluka m'midzi, ndipo funso la momwe zingathandizire pa zaumoyo n'losapeweka. Chimene chimaoneka poyera m'nkhani ya maguluwa n'chakuti mtima wofuna kuthandiza umapindula pokhapokha pali dongosolo lolimba.

Mmene ntchitoyi idayambira

Gulu loyamba la mtunduwu lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1962 m'dera la Surrey ku England, ndipo adaliyambitsa ndi mayi Margaret Ryerson pamodzi ndi amuna awo. Linkatchedwa Emergency Volunteer Service. M'chaka cha 1969 achinyamata a m'tawuni ya Stevenage adayambitsa gulu lina lotchedwa Freewheelers, limene linkathandiza zipatala za m'matawuni oyandikana nawo. Magulu awiri oyambirirawa adatha, koma nzeru yawo idatsala. Gulu la Yeovil Freewheelers lidabadwa mu 1978, la SERV mu 1981, ndipo la Freewheelers EVS, limene limatumikira dera la Bristol ndi malo ozungulira, lidayamba mu 1990.

Kwa zaka zambiri gulu lililonse linkayenda palokha, ndi malamulo akeake. Mu 2008 kudakhazikitsidwa bungwe la Nationwide Association of Blood Bikes kuti maguluwa azikhala ndi miyezo yofanana pa maphunziro a oyendetsa njinga ndi kasamalidwe ka katundu wachipatala. Lero magulu otere akupezeka m'madera ambiri a England, Scotland ndi Wales, ndipo nzeruyi idafikanso ku Ireland ndi ku Australia.

Chidachititsa kuti ntchitoyi ifunike ndi mpata umene umakhalapo usiku. Zipatala zaboma ku Britain zili pansi pa bungwe la National Health Service, limene lidayamba mu 1948. Masana zipatalazi zimakhala ndi magalimoto amene amazungulira pa nthawi zoikika kunyamula magazi ndi zoyezetsa. Ntchito zikawerukidwa magalimoto ambiri amaima, pamene matenda ndi ngozi siziyang'ana wotchi. Chipatala chikafuna kutumiza kanthu pakati pa usiku chimayenera kulipira takisi kapena kampani yonyamula katundu, ndipo ndalama zimenezo zimachoka m'thumba lomwelo logulira mankhwala. Anthu odziperekawa amatseka mpata umenewu, ndipo chipatala sichilipira kanthu.

Katundu amene amanyamula

Ngakhale dzina lawo limatchula magazi, katundu wawo ndi wamitundumitundu. Amanyamula magazi oti athiridwe mwa wodwala, madzi a m'magazi otchedwa plasma, ndi tizigawo ta m'magazi totchedwa platelets, timene timathandiza kuti bala lisiye kukha magazi. Amanyamulanso timabotolo ta magazi ndi zina zotengedwa m'thupi la wodwala kupita nazo ku labotale, mankhwala ofunika mwachangu, mapepala a mbiri ya wodwala, ndi zipangizo zing'onozing'ono za madokotala. Magulu ambiri amatenganso mkaka wa m'mawere umene amayi ena amapereka mwaulere, kukausiya kumalo kumene umayezedwa ndi kusungidwa, kenaka n'kuufikitsa kwa ana obadwa masiku asanakwane amene amayi awo alibe mkaka wokwanira. Ena tsiku ndi tsiku amakasiya mabokosi a magazi kumalo kumene kumatera mahelikopita onyamula anthu ovulala, n'kubweza magazi amene sanagwire ntchito kuti asawonongeke. Mliri wa Covid-19 utafika mu 2020, maguluwa adanyamulanso zoyezetsa za matendawa.

Magazi sanyamulidwa ngati mtolo wa chinangwa. Magazi ofiira amasungidwa m'furiji yapadera pa madigiri apakati pa 2 ndi 6, ndipo akasamalidwa bwino amatha kukhala masiku 35. Akatentha, tizilombo toyambitsa matenda timachulukana m'katimo. Akazizira mpaka kuundana, amawonongeka, ndipo kumuthira munthu magazi otere n'kumuika pa ngozi yaikulu. Tizigawo ta platelets tili ndi lamulo lina: sitifuna furiji, timasungidwa pa madigiri apakati pa 20 ndi 24, ndipo timatha mphamvu pasanadutse sabata imodzi. Plasma amasungidwa ataumitsidwa ndi chisanu. Pa chifukwa chimenechi katundu aliyense amalongedzedwa ndi achipatala m'bokosi lake lapadera losunga kuzizira kapena kufunda koyenera, n'kulimata. Woyendetsa njinga salitsegula panjira, ndipo amadziwa kuti bokosilo lili ndi maola ake owerengeka.

Palinso nkhani ya magulu a magazi. Munthu aliyense ali m'gulu limodzi mwa A, B, AB ndi O, ndipo asanathiridwe magazi labotale imayamba yaona ngati magazi ake akugwirizana ndi amene akufuna kumupatsa. Odwala ena ali ndi magazi ovuta kuwapezera ogwirizana nawo, kotero kabotolo ka magazi awo kamatumizidwa ku labotale yaikulu, ndipo magazi oyenera akapezeka amatumizidwanso kuchipatala. Pamenepa pakhala maulendo awiri, ndipo wodwala amakhala akudikira pa ulendo uliwonse.

Mmene ulendo umodzi umayendera

Amene amaoneka pamsewu ndi woyendetsa njinga, koma ulendo umayambira kwa munthu wina amene wakhala pafupi ndi foni kunyumba kwake. Gulu lililonse limakhala ndi nambala imodzi imene zipatala zimaidziwa, ndi mndandanda wosonyeza amene ali pa ntchito usiku uliwonse. M'magulu ambiri ntchito imayamba cha m'ma 7 koloko madzulo mpaka m'bandakucha, pamene kumapeto a sabata imagwiridwa usana ndi usiku.

Namwino kapena wa mu labotale akaimba foni, wolandira mafoniyo amalemba zonse: katunduyo ndi wotani, akuchokera kuti, akupita kuti, ndipo akufunika mwachangu chotani. Maulendo amagawidwa potengera changu chake, chifukwa magazi a munthu amene ali m'chipinda cha opaleshoni sangadikire mzere umodzi ndi mapepala amene akufunika mawa m'mawa. Akatero amasankha woyendetsa njinga amene ali pafupi n'kumutuma. Woyendetsayo akafika pachipatala amaonetsa chitupa chake, amasayina kuti walandira katundu, ndipo amadziwitsa wolandira mafoni kuti wanyamuka. Akafika kumene akupita, wolandira katunduyo amasayinanso, ndipo nthawi imalembedwa. Ntchito ya wolandira mafoni simathera pamenepo ayi: amadikira mpaka atamva kuti mnzakeyo wafika kunyumba kwake ali bwino. Ngati nthawi yadutsa popanda uthenga, amayamba kumufunafuna.

Ulendo ukakhala wautali kwambiri, magulu a madera oyandikana amapatsirana katundu panjira. Woyendetsa wa dera lina amafika naye pamalo ogwirizana, n'kumupereka kwa wa dera lotsatira, mpaka katunduyo atafika. Motero palibe amene amayenda mtunda womutopetsa mopitirira, ndipo aliyense amayenda m'misewu imene amaidziwa bwino. Kukachita chisanu choterera pamsewu, kapena katundu akachuluka, amasiya njinga n'kutenga galimoto.

Kuthamanga si kufika

Anthu ambiri akaona njinga zikuluzikulu zopakidwa mitundu yowala, zolembedwa mawu akuti BLOOD, amaganiza kuti eni ake ali ndi ufulu wothamanga mmene angafunire. Sizili choncho. Malamulo a pamsewu amawakhudza monga munthu wina aliyense: sadutsa liwiro lovomerezeka ndipo amaima pa magetsi ofiira. Phindu la njinga lili poti imadutsa mosavuta pamene magalimoto athithikana, imamwa mafuta ochepa, ndipo savutika kuipezera poimika pakhomo la chipatala.

Kukhala ndi chiphaso choyendetsera njinga pakokha sikukwanira kuti munthu alowe m'gulu. Amafunika kuchita maphunziro apamwamba a kayendetsedwe kabwino, amene amaperekedwa ndi mabungwe monga IAM RoadSmart ndi RoSPA, ndipo pakapita zaka zingapo amayesedwanso. Amaphunzitsidwanso kasamalidwe ka magazi, chochita ngati bokosi lagwa kapena latayikira, ndi kusunga chinsinsi cha odwala amene mayina awo alembedwa pa katundu. Zonsezi zili ndi chifukwa chake. Woyendetsa njinga akachita ngozi panjira, magazi aja safika, ndipo chipatala chimene chimadikira thandizo chimalandira wodwala wachiwiri. Ngozi zotere zidachitikapo, ndipo ena mwa odziperekawa adataya miyoyo yawo ali pa ntchito.

Ndalama zimachokera kuti

Ntchito yaulere nayo ili ndi mtengo wake. Njinga imagulidwa, imafuna mafuta, matayala, inshuwalansi ndi kukonzedwa pa nthawi yake. Maguluwa adalembetsedwa ngati mabungwe achifundo, ndipo ndalama zawo zimachokera kwa anthu wamba, makampani ndi mabungwe ena akufuna kwabwino. Mamembala ena sadakwerepo njinga chibadwire, koma amaima pakhomo la sitolo ndi chitini chosonkhetsera ndalama, amakayankhula m'masukulu ndi m'misonkhano, kapena amasunga mabuku a chuma. Ena mwa oyendetsa amagwiritsa ntchito njinga zawo n'kudzigulira okha mafuta. Chaka chilichonse mabungwe otere amayenera kuonetsa momwe ndalama zayendera, ndipo kuchita zinthu poyera kumeneku n'kumene kumachititsa kuti anthu apitirize kupereka.

Njinga zamoto ndi zaumoyo kuno ku Malawi

Kunyamula katundu wachipatala pa njinga yamoto si chinthu chachilendo m'dziko muno. Anthu ambiri adaonapo njinga za bungwe la Riders for Health zikufika pa zipatala zing'onozing'ono zili ndi bokosi kumbuyo. Bungweli adaliyambitsa ndi Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain pamodzi ndi Randy Mamola wa ku America, katswiri wa mpikisano wa njinga zamoto. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 iwowa adaona kuti m'maiko a mu Africa njinga ndi magalimoto a zaumoyo zinkangokhala zitafa kuseri kwa zipatala, zina zisanayende n'komwe mtunda wautali, chifukwa chosowa chisamaliro ndi zipangizo zosinthira. Adatsimikiza kuti njinga iyenera kuonedwa tsiku ndi tsiku ndi kukonzedwa isanawonongeke, ndipo woyendetsa aliyense aziphunzitsidwa kuona oyilo, mabuleki, tcheni ndi matayala asananyamuke.

Kuno ku Malawi njinga za bungweli zimatenga magazi okayeza kuchuluka kwa kachilombo ka HIV m'thupi, magazi a makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi kachilomboka, ndi makhololo okayeza chifuwa chachikulu cha TB, kupita nazo ku malabotale, kenaka n'kubweretsa zotsatira. Kusiyana kwake ndi magulu a ku Britain n'kwakuti oyendetsa njingazi ndi olembedwa ntchito, ndipo amayenda pa masiku oikika. M'boma la Mangochi mudayesedwanso njinga zamoto zokhala ndi kabedi pambali, zonyamulira amayi oyembekezera kuchokera ku zipatala zakutali monga Makanjira kupita ku chipatala chachikulu cha boma.

Magazi oti athiridwe mwa odwala ali ndi njira yawoyawo. Bungwe la Malawi Blood Transfusion Service, limene lidakhazikitsidwa mu 2003, ndilo limatolera magazi kwa anthu opereka mwaufulu, kuwayeza ndi kuwagawa ku zipatala zovomerezeka kudzera m'nthambi zake za ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Balaka. Kuthira magazi kumachitika m'zipatala zikuluzikulu zimene zili ndi labotale ndi furiji yoyenera. Choncho kwa munthu wa kumudzi, kawirikawiri wodwala ndiye amayenera kupita kumene kuli magazi. Apa mpomwe mavuto a m'mawadi amasiyana ndi a ku Britain: misewu yafumbi imene imasanduka matope m'dzinja, milatho yokokoloka, ambulansi imodzi yotumikira zipatala zingapo, ndi mafuta osakwanira.

Zoyenera kuziganizira m'wadi

M'midzi yambiri anyamata a kabaza ndiwo amadzutsidwa pakati pa usiku mwana akakomoka ndi malungo kapena mayi akayamba kumva kupweteka kwa kubereka. Ena amathandiza ndi mtima wonse, ena amakweza mtengo poona kuti banjalo lilibe pothawira, ndipo nthawi zina foni zawo zimakhala zozima. Thandizo lotere limadalira mwayi. Komiti ya chitukuko ya m'mudzi kapena ya dera, VDC kapena ADC, imene ingafune kuti thandizoli likhale lodalirika ili ndi mafunso angapo ofunika kuyankha isanasonkhanitse anthu.

Funso loyamba ndi la mgwirizano ndi achipatala. Magulu a ku Britain sanyamula kanthu popanda pangano lolembedwa ndi chipatala chimene akuchitumikira. Kunonso palibe munthu woyenera kunyamula magazi, zoyezetsa kapena mankhwala a chipatala popanda chilolezo cha akuluakulu a zaumoyo a pa boma ndi maphunziro oyenera. Poyambira pabwino ndi komiti yoyang'anira chipatala cha m'dera, alangizi a zaumoyo ndi khansala wa wadi, amene angafikitse nkhaniyo ku khonsolo. Achipatala ndiwo angathe kunena chimene chikusowadi, kaya ndi kufulumizitsa odwala, kukatenga mankhwala a munthu amene sangathe kuyenda, kapena kukapereka uthenga kumene foni sizigwira.

Lachiwiri ndi la kusinthana. Munthu mmodzi sangadikire foni usiku uliwonse chaka chonse, ndiponso wa kabaza amadyera njinga yomweyo masana. Pamafunika mndandanda wodziwika, nambala ya foni imene mudzi wonse ukuidziwa, ndi munthu wolemba maulendo onse m'kaundula, amene amaonetsetsanso kuti wotumidwa wabwerako. Mutu umodzi susenza denga.

Lachitatu ndi la chitetezo. Woyendetsa aliyense akhale ndi chiphaso, njinga yake ikhale yolembetsedwa ndi ya inshuwalansi, nyali ndi mabuleki zikhale zogwira ntchito, ndipo zipewa zodzitetezera zikhale ziwiri. Woledzera kapena wotopa asatumidwe. Kuyenera kudziwikanso kuti njinga wamba ili ndi malire ake. Mayi amene akutaya magazi kapena munthu wokomoka sangakhale bwino pampando wakumbuyo, ndipo wotere amafunika ambulansi kapena galimoto. N'chifukwa chake achipatala amalangiza amayi okhala kutali kuti masiku akayandikira apite kukadikirira kuchipatala.

Lachinayi ndi la ndalama. Munthu akhoza kupereka nthawi yake mwaulere, koma si chilungamo kuyembekezera kuti mnyamata wopeza ndalama yongokwanira chakudya cha tsikulo aziperekanso mafuta ndi matayala. Midzi imene idazolowera kusonkherana pa maliro kapena kusunga ndalama m'mabanki a m'mudzi ikudziwa kale momwe thumba la anthu ambiri limayendetsedwera. Thumba la mafuta lifunika msungichuma wosankhidwa poyera ndi lipoti lowerengedwa pamsonkhano, chifukwa pamene ndalama zayamba kukayikitsa, anthu amasiya kusonkha.

Pomaliza, njinga ingakhale yabwino motani, singanyamule magazi amene palibe adawapereka. Magazi sapangidwa m'fakitale. Amene amawafuna kwambiri m'dziko muno ndi amayi obereka, ana amene magazi awathera chifukwa cha malungo, ndi anthu ovulala pa ngozi za pamsewu, kuphatikizapo a kabaza eni ake. Ambiri mwa opereka magazi ndi ophunzira, kotero sukulu zikatsekedwa nkhokwe za magazi zimaphwa. Munthu wathanzi amapereka magazi osakwana theka la lita pa ulendo umodzi, ndipo thupi limawabwezeretsa lokha. Tsiku la 14 June chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira anthu opereka magazi, koma mipingo, mizikiti, magulu a achinyamata ndi mabungwe a kabaza akhoza kukambirana ndi achipatala nthawi ina iliyonse za tsiku loti anthu a m'wadi apereke magazi. Imeneyi ndi mbali ya ntchitoyi imene munthu wopanda njinga angathe kuyambapo lero.